Kapu ya pa Msomali

Mukafika ku Limbe, kumunsi kwa msika,
pali sitolo yogulitsa mafoni ndi mabatire.
Musayang'ane mafoniwo. Yang'anani pansi.
Pa simenti ya khondelo pali timaenje tinayi,
mapazi a makina osokera a bambo anga, Che Ndembo,
amene anapalasa pamenepo zaka makumi awiri
osafika kulikonse.

Sitoloyo inali ya Ratilal.
Sanabadwire ku India, ayi. Anabadwira ku Luchenza
kuseri kwa matumba a mchere.
Agogo ake ndiwo anakwera mtsinje wa Shire
ndi kabokosi ka singano, mikanda ndi machesi.
Chaka chimene lamulo linati Amwenye achoke kumidzi
lole inafika mbandakucha.
Anakweza sikelo, mashelefu, mitolo ya nsalu,
kamtengo kopatulika ka Mai Jasu m'chitini cha mafuta,
ndipo pamwamba pa zonsezo, atakumbatira makina awo,
bambo anga.
Palibe anawafunsa. Iwonso sanafunse.
Kumene yapita nsalu, telala amalondola.

Ndinakulira pakhondepo, ndikutola tizidutswa.
Ndinkadziwa chala cha Ratilal poyeza yadi:
kwa mlendo wovala tayi chinkabwerera m'mbuyo pang'ono,
kwa mayi wamaso ofiira wofuna nsalu ya maliro
chinkapitirira, ngati chaiwala kuwerenga.
Chichewa chake chinali cha m'minda ya tiyi,
ndipo akapsa mtima ankatukwana bwino kuposa ife.

Folo koloko Mai Jasu ankatulutsa tiyi wa jinja,
wotsekemera mpaka mano kuwawa.
Bambo anali ndi kapu yawoyawo,
yachitsulo, yogumuka m'mphepete,
yokolekedwa pa msomali kunja kwa chitseko.
Kukhitchini sinalowepo.
Ndili mwana ndinkayesa ndi ulemu.
Nditakula ndinazindikira, mtima n'kuwira,
bambo n'kungoti, "Tiyi ndi yemweyo.
Tandipatsa ulusi wakuda."

Usiku wa chikondwerero chawo cha nyali
khonde lonse linkayaka timiuni tadothi,
ife n'kulandira maswiti a mkaka m'pepala la nyuzi,
mafuta atalowerera pa nkhope ya wosewera mpira.

Kenako ana awo anayamba kupita ku Mangalande,
mmodzi, wina, womaliza,
ngati mabatani akuthothoka pa malaya akale.
Ratilal anamwalira m'nyengo ya chiperoni.
Nsalu yoyera yomukulungira anapenda ndi bambo,
ndipo sanalole munthu kuwalipira.

Kutatsala masiku atatu kuti anyamuke,
Mai Jasu anawaitana: "Ndembo, lowa."
Tinadutsa kauntala, tinadutsa katani,
kumene mapazi athu anali asanapondepo.
Anatsegula buku lofiira la ngongole,
zilembo zopindika ngati mbedza zophera matemba,
nayamba kuwerenga, chala chikunjenjemera:
Ndembo, lamba wa makina.
Ndembo, mankhwala a chifuwa.
Ndembo, fizi ya mwana, Fomu Wanu.
Fizi ya mwana. Fizi ya mwana.
Mzere uliwonse unali wodulidwa pakati.
"Analipira yekha," anatero akundiyang'ana,
"mpendero ndi mpendero, osaphonya mwezi.
Bambo ako sankafuna zaulere."
Ine, wa satifiketi yanga m'felemu,
ndinayang'ana zala za bambo zobooka ndi singano,
ndinasowa poika maso.

Mayiyo anathira tiyi m'kapu yamaluwa, ya alendo,
naiika patsogolo pawo ndi manja awiri.
Bambo anaiyang'ana nthawi yaitali.
Anadzuka, anatuluka panja,
anabwera ndi kapu yawo ya pa msomali,
naikhazika pa tebulo, pakati penipeni.
"Thirani muno, Mai."
Anathira. Anamwa onse awiri, osalankhula.

Mpaka lero sindidziwa ngati kunali kukhululuka
kapena kukumbutsa.

Msomali uja ulipobe, wachita dzimbiri.
Mnyamata wa mafoni amakolekapo machaja.